Kuvomerezetsa Makoma a Kunja kuti Apirire Moto ndi Mvula

Mwafunsa ndondomeko yovomerezetsa makoma a nyumba yogona alendo yomwe mukumanga ku Mulanje. Musanakumbe maziko, pititsani mapulani ojambulidwa ndi katswiri ku khonsolo ya boma. Akavomerezedwa, gulani simenti yokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo mukayezetse mphamvu ya njerwa zanu, chifukwa njerwa yochuluka mchenga imanyenyeka ikanyowa, ndipo mvula ya kunsi kwa phiri kuno, monga ija ya namondwe Freddy mu 2023, siilekerera khoma lotero. Pomanga, itanani woyendera zomangamanga adzaone pulasitiki yotchinga chinyezi isanakwiririke, komanso atsimikize kuti matabwa a denga atalikirana ndi chumuni. Mukamaliza, pemphani chikalata chololeza kulowamo, ndipo musunge zotsatira za kuyezako.