Mabuku akakana kugwirizana, yesani kugawa ndi 9

Inu amene mwangoyamba kuphunzira ntchito ya akaunti mu ofesi, mwezi ukamatha mudzapezeka cash book (buku lolembamo ndalama zolowa ndi zotuluka) ili uku, sitetimenti ya ku banki ili uko, manambala osagwirizana. Musathamangire kuwonkhetsanso tsamba lonse. Tengani kusiyanako mugawe ndi 9. Kukagawika popanda chotsala, kawirikawiri ndiye kuti munatembenuza manambala: m'malo mwa K54,000 munalemba K45,000. Kukakana, gawani ndi 2, ndalama yomwe yatulukayo muifufuze ngati sinalowe ku debit (mbali ya ndalama zolowa) m'malo mwa credit (mbali ya ndalama zotuluka).

Ine ndinasakapo K2,700 mpaka mdima, tiyi atazizira patebulo. Abwana anangosuzumira n'kunena kuti, "Achimwene, K6,300 iyi mwailemba K3,600." Manyazi ake!

Muonenso ma bank charges (ndalama zimene banki imadula pa ntchito zake), amakonda kubisala pansi pa sitetimenti, komanso macheke amene eni ake sanakatape. Ndipo musadikire mwezi uthe, gwirizanitsani Lachisanu lililonse, poti PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito) imafunika ku MRA, bungwe lotolera misonkho, pofika pa 14 mwezi wotsatira.