Gitala ya magetsi mu kachipinda ka lendi: zoti mugule kuti aneba asadandaule

Abale anga amene muli kunja kuno, kaya ku South Africa, ku UK, ku Ireland, ku Germany kapena ku America, ambiri a ife tikukhala mu fulati kapena nyumba yogawana ndi anthu ena, makoma ake opyapyala moti wina akatsokomola chipinda chinacho umamva bwinobwino. Ndiye munthu uli ndi gitala ya magetsi, mwina unkaimba mu bandi, mwina ukungofuna kuphunzira, koma uimba nthawi yanji komanso ndi chani pomwe mnzako wangofika kumene kuchokera ku shifiti ya usiku ndipo akufuna tulo? Ambiri amangoiponya gitala ija pansi pa bedi mpaka zala kuiwala, zomwe ine zimandipweteka mtima chifukwa masiku ano kuli tizipangizo tokwana m'thumba tomwe vutoli tinalithetsa kalekale.

Choyamba, ampu yaikulu, bokosi lokuzira mawu a gitala lija, muisiye kaye. Timanamizika ndi nambala ya ma watt, kumaganiza kuti ya 5 watt ndi kamwana ndipo yeniyeni ndi ya 50. Khutu silimva choncho ayi. Kuti phokoso limveke ngati lawirikiza kawiri mphamvu imayenera kukwera pafupifupi kakhumi, ndiye kuti ya 5 watt ukaitsegula yonse imamveka ngati theka la ya 50 ija. Sipika ya gitala ya mainchesi 12 ukaipatsa watt imodzi yokha imatha kufika ma decibel 95 kapena kuposa pa muyeso wa kukula kwa phokoso uli pa mtunda wa mita imodzi, phokoso lokwanira kuti landilodi akugogodereni. Ndipo ngati ampu yanu ndi ya ma valve, timachubu ta galasi tokhala ngati mababu mkati mwake, chonde musadzayerekeze kuzula waya wa sipika n'kuiyatsa poganiza kuti ikhala chete, zimenezo zimawotcha thiransifoma ya mkati. Ampu yotero imafuna sipika kapena chipangizo cholowa m'malo mwa sipika chotchedwa load box nthawi zonse ikayaka.

Chimene ine ndimauza aliyense kuti ayambe nacho ndi ka headphone amp. Kameneka mumangokalowetsa pa bowo la gitala pomwe pamalowa kebulo, mahedifoni n'kulowa pa iko, basi mwayamba kuimba. Vox inatulutsa amPlug mu 2007 ndipo ilipobe, imayendera mabatire awiri a AAA, koma mitundu yake yambiri kalikonse kali ndi kamvekedwe kakekake ndiye muyenera kusankha bwino pogula. Fender Mustang Micro inabwera mu 2021, ili ndi mitundu 12 ya ma ampu mkati, mumatchaja ndi USB-C ngati foni ndipo batire lake limakhala maola anayi kapena kupitirira pang'ono. Boss nayo ili ndi Katana Go ya mu 2024, palinso Mighty Plug ya Nux. Ubwino wa izi zatsopanozi ndi Bluetooth yolowetsera nyimbo kuchokera pa foni, ndiye mumaimba motsatira nyimbo kapena phunziro la pa YouTube zonse zikumveka m'makutu mwanu mokha.

Chifukwa chimene ndimakakondera si kamvekedwe kokha ayi. Munthu wabwera ku ntchito watopa, miyendo ikuwawa, ngati kuti uyambe kuimba uyenera kutulutsa ampu, kusaka kebulo, kuyatsa laputopu, kudikira pulogalamu itseguke, sungaimbe, ungogona. Koma kachipangizo kakakhala kale pa gitala ndipo gitalayo ili pa sitandi pafupi ndi bedi, umaitola ngakhale kwa mphindi khumi, ndipo mphindi khumi za tsiku lililonse zimapindula kuposa maola atatu a Lamlungu lokha. Ndiye poyerekeza zogula dzifunseni kuti kuchokera pomwe ndalowa m'chipinda mpaka nsambo yoyamba kulira papita nthawi yaitali bwanji. Funso limeneli kwa ine ndi lalikulu kuposa nambala ya ma effect, zosinthira kamvekedwe ka gitala, olembedwa pa katoni.

Chinthu chimodzi muchione bwino: magitala a mtundu wa Stratocaster bowo lake ndi lolowa mkati mopendekeka, ndiye onetsetsani kuti pulagi ya kachipangizoko imazungulira. Ya Mustang Micro imazungulira, amPlug zatsopano nazonso.

Tsopano mahedifoni, apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Amagula kachipangizo kabwino n'kulumikiza timahedifoni ta foni tija, kenako n'kumati chinthuchi chikulira ngati njuchi mu chitini. Pezani mahedifoni otseka kumbuyo, closed-back, okuta khutu lonse, chifukwa otseguka aja amatulutsa mawu kunja ndipo wogona nanu chipinda chimodzi amamva. Audio-Technica ATH-M40x kapena M50x, Sony MDR-7506, Beyerdynamic DT 770 Pro, onsewa ndi odziwika m'ma situdiyo ndipo amakhalitsa. Pa DT 770 samalani, alipo a 32, a 80 ndi a 250 ohm. A 250 amafuna mphamvu yambiri ndiye pa kachipangizo ka batire amamveka motsika, tengani a 32 kapena a 80. Onaninso pulagi, pali yaing'ono ya 3.5mm ndi yaikulu ya 6.35mm, tizipangizo ta m'thumba timagwiritsa yaing'onoyo.

Mahedifoni wamba a Bluetooth osawagwiritsa ntchito poimba. Mawu amachedwa kufika, nthawi zambiri kupitirira ma millisecond 100, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndiye chala chimamenya nsambo koma khutu n'kumva pambuyo, ndipo ukamapulakitisa choncho kugwira nthawi kumaonongeka. Bluetooth ndi yabwino kubweretsa nyimbo yotsatira basi, gitala yokha idutse pa waya. Ngati waya simukumufuna, alipo opangidwira gitala enieni monga Boss Waza-Air amene ali ndi njira yawoyawo yotumizira mawu mosachedwa.

Amene mukufunanso kujambula nyimbo zanu, njira ndi audio interface, kabokosi kolumikiza gitala ndi kompyuta kapena foni. Focusrite Scarlett Solo ndi iRig ya IK Multimedia ndi zomwe anthu ambiri amayambira. Pa interface pamakhala batani lolembedwa INST kapena Hi-Z, mulidine, chifukwa ma pickup a gitala, tizipangizo totola mawu a nsambo, amafuna polowera pawopawo, apo ayi mawu amatuluka ofooka opanda kuwala. Mukatero mumatsegula pulogalamu yotsanzira ampu, GarageBand kwa a iPhone ndi Mac ndi yaulere, Neural Amp Modeler nayo ndi yaulere, palinso AmpliTube ndi Guitar Rig. Kuchedwa kwa mawu kuliponso kuno koma kumakonzeka, mu pulogalamuyo tsitsani nambala yotchedwa buffer ifike 128 kapena 64, ndipo a Windows ikani dalaivala ya ASIO ya interface yanuyo, kapulogalamu kolumikiza interface ndi kompyuta. Ikayamba kuthetheka ndiye kuti mwatsitsa kwambiri kompyuta ikulephera, kwezani pang'ono. Njira iyi imamveka bwino zedi, kungoti laputopu ikatseguka mauthenga ndi mavidiyo nazo zili pompo, nthawi yoimba ija imatha kuthera kwina.

Kwa amene mumakonda zopondaponda, multi-effects, pedal imodzi yokhala ndi ma effect ambiri, ngati Zoom G1 Four ili ndi polowetsa mahedifoni, ng'oma zoti muzitsatira, tuner ndi looper, ndipo imayenda ndi mabatire anayi a AA. Looper ndi chinthu chokoma kwambiri kwa munthu woimba yekha, mumajambula ma chord anu kenako n'kumaseweretsa lead pamwamba pake.

Masana aneba atachoka munthu umafunabe kumva gitala ikulira m'chipinda osati m'makutu mokha, ndiye ka ampu ka pa tebulo kamathandiza. Blackstar Fly 3 ndi ya 3 watt, Boss Katana Mini ya 7, Spark Go ya Positive Grid ya 5, ndipo Yamaha THR inapangidwira dala kuti izimveka bwino voliyumu ili pansi. Zonsezi zili ndi polowetsa mahedifoni. Poyesa musangomvera distortion, kamvekedwe kokhakhala ka nyimbo za rock kaja, chifukwa imabisa zambiri, ikani clean, kamvekedwe kopanda distortion, n'kumenya nsambo imodziimodzi, mumve ngati mawu ake ndi oyera komanso ngati delay ndi reverb, ma effect obwereza ndi kutalikitsa mawu, zikukoma. Kunyumba osaiika pansi, mawu a besi amayenda m'matabwa ndi simenti mpaka kwa okhala pansi panu, ikwezeni pa tebulo kapena pa mpando pansi pake muyale thaulo lopinda. Komanso phazi, ambiri timaponda pansi posunga nthawi osadziwa, ndipo neba wa pansi amamva phazilo kuposa gitala. Kalipeti kapena kuvula nsapato zimathandiza.

Malamulo a malo muwadziwe. Ku England ndi ku Wales lamulo la Noise Act la 1996 limatenga 11 koloko usiku mpaka 7 m'mawa kukhala maola a usiku, ku Germany nthawi ya chete imayamba 10 koloko usiku mpaka 6 m'mawa ndipo Lamlungu amalilemekeza kwambiri. Werenganinso pepala lanu la lendi, eni nyumba ena amalemba maola awoawo. Ife obwera tisamapereke chifukwa choti munthu atilembere madandaulo pa nkhani yopeweka ngati iyi.

Gitala yeniyeniyo sikufunika kukhala yaing'ono pokhapokha malo akusowadi. Ya thupi lopanda mphako, solid body, ngati Squier kapena Yamaha Pacifica ndi yachete ikakhala yosalumikiza, pomwe ya mphako mkati imamveka ndithu usiku. Zilipo zopanda mutu ngati Steinberger Spirit ndi za Traveler Guitar zomwe ndi zazifupi koma khosi lake ndi lokwanira, izi ndi zabwino kwa osamukasamuka. Squier Mini utali wa gawo lolira la nsambo zake ndi mainchesi 22.75 pomwe Strat yonse ndi 25.5, ndiye ngati zala zanu ndi zazikulu ikupanikizani. Ma pickup opyapyala otchedwa single coil amakoka kaphokoso ka magetsi mukakhala pafupi ndi laputopu, chaja kapena babu la dimmer, ndipo m'mahedifoni kamamveka kwambiri, tembenukani pang'ono pomwe mwakhala kapena sinthani kupita pa humbucker, pickup yaikulupo yothetsa kaphokosoka, ngati ilipo. Kumayiko ozizira gitala isakhale pafupi ndi hita, mpweya wouma umapinda khosi n'kutulutsa nsonga za ma fret, tizitsulo ta pa khosi tija.

Makutu anu muwasamale abale, mahedifoni amanyenga chifukwa palibe wokudandaulira ndiye umangokweza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo ukakweza ndi 3 okha nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Mukavula mahedifoni n'kumva kulira m'khutu dziwani kuti munakweza mopyola.

Za magetsi, ku America ndi ku Canada ndi 120V pomwe ku UK, ku Europe ndi ku South Africa ndi 230V. Musanalumikize adaputa yogula dziko lina werengani kumbuyo kwake, ikalembedwa 100-240V ndiye kuti mungosintha mutu wa pulagi, koma ikalembedwa 120V yokha ipsa pa 230. Ma pedal ambiri amafuna 9V ya centre negative, kutanthauza kuti negative ili pakati pa pulagi, ndipo adaputa ya rauta kapena chipangizo china ngakhale ikulowa bwino pa bowo nthawi zambiri imakhala yotembenuka kapena ya 12V, ikhoza kupha pedal nthawi yomweyo. Pokwera ndege mabatire a lithium apadera ndi power bank zimayenda m'chikwama cha m'manja, osati mu sutikesi yopita pansi, ndipo gitala muifunsire kaye ku kampani ya ndegeyo musanagule tikiti chifukwa malamulo a katundu amasiyana.