Kathiridwe ka klorini m'madzi akumwa: malangizo kwa odzipereka pa zaumoyo mu Blantyre

Mvula ikayamba, zitsime zosazama za ku Ndirande, Bangwe ndi Chilobwe zimalandira madzi otsika kumtunda, komwe kuli zimbudzi zokumba. Mipope ikauma, anthu amapita ku zitsime zomwezo kapena ku mtsinje wa Mudi. Kolera imalowa m'nyumba kudzera njira imeneyi. Mliri womwe udayamba mu Marichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa. Klorini amateteza ndithu, koma pokhapokha muyezo wake uli wolondola. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya.

Yambani ndi kusungunula. Ufa wa klorini wotchedwa HTH umakhala ndi mphamvu ya 65 mpaka 70 peresenti, choncho suthiridwa mwachindunji m'madzi akumwa. Tengani magalamu 15, omwe ndi sipuni yaikulu imodzi yosadzaza mpaka kutumphuka, muthire mu lita imodzi ya madzi oyera. Takasani ndi kamtengo, dikirani kuti nsenga zikhale pansi, kenako tsanulirani madzi apamwambawo m'chigubu. Amenewa ndiye mankhwala a 1 peresenti. Chitirani panja, mutavala magolovesi, chifukwa ufawu umatsamwitsa komanso umawotcha khungu. Chigubu chikhale chapulasitiki, chotsekeka bwino, chosungidwa pamthunzi. Chitsulo, dzuwa ndi kutentha zimatha mphamvu ya klorini. Lembani tsiku pachigubupo, ndipo musapange ochuluka kuposa omwe angathe pa sabata imodzi. Chonde musagawire anthu m'mabotolo a zakumwa: mwana akaona botolo lotere amangomwa.

Madzi a chitsime chilichonse amafuna muyezo wakewake, chifukwa litsiro lomwe lili m'madzi limadya klorini asanaphe tizilombo. Ngati mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu ali ndi kachipangizo koyezera ndi mapiritsi a DPD 1, omwe amasintha mtundu wa madzi posonyeza kuchuluka kwa klorini, yesani chonchi. Dzazani ndowa zinayi za malita 20 ndi madzi a chitsime chimodzi. Pogwiritsa ntchito sirinji yopanda singano, thirani mamililita 1, 1.5, 2 ndi 2.5 a mankhwala a 1 peresenti aja, ndowa iliyonse muyezo wake. Pakatha mphindi 30 yezani. Ndowa yoyamba yomwe yasonyeza klorini wotsala m'madzi wa mamiligalamu 0.5 pa lita ndiyo yakupatsani muyezo wa chitsimecho. Zonse zikalephera kufikapo, yambaninso ndi miyezo yokulirapo. Mvula yamphamvu ikagwa, yezaninso, poti madziwo asintha.

Popanda choyezera, mamililita 4 a mankhwala a 1 peresenti pa malita 20 a madzi oyera ndi poyambira pabwino. Sipuni yaing'ono imalowa pafupifupi mamililita 5. Pakatha mphindi 30 madzi azimveka kafungo ka klorini pang'ono. Ngati kafungoko palibe, thiraninso muyezo womwewo ndi kudikiranso. WaterGuard ndi wosavuta: kachivindikiro kamodzi pa malita 20, tiwiri ngati madzi ndi akuda.

Madzi amatope musathamangire kuthira mankhwala. Asiyeni adikhe, sefani ndi nsalu yoyera yopinda kangapo, kenako thirani. Tizilombo timabisala m'timatope momwe klorini safika. Ndipo kuchulutsa dala mankhwala si nzeru: madzi akanunkha kwambiri, banja limawasiya n'kubwerera ku madzi osatetezedwa, osakuuzani n'komwe.

Pophunzitsa pakhomo, musangofotokoza. Mayi kapena bambo wa panyumbapo ayeze yekha ndi ndowa yake, inu mukuyang'ana. Onaninso kukula kwa ndowayo, chifukwa ena amathira muyezo wa malita 20 m'mgolo wa malita 60.

Kenako yang'anani posungira. Madzi ambiri amachoka pakiyosiki ali abwino, n'kudzaipa m'nyumba. Kapu yomwe mwana wamwera ndi yomweyo ikumizidwa m'ndowa, zala zikulowa nawo. Chigubu cha kukamwa kwakung'ono kapena ndowa yokhala ndi kampopi ndi chivindikiro zimathetsa vutoli. Ngati palibe, pakhale kapu imodzi ya chogwirira chachitali yotungira basi, ina yomwera. Klorini wotsala amachepa pamene maola akupita, choncho ndi bwino kuteteza madzi okwanira tsiku limodzi. Pafupi ndi chimbudzi pakhale mpondagiya ndi sopo.

Musachoke pakhomopo musananene za Thanzi, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha, ooneka ngati otsukira mpunga, sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati Thanzi palibe, masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Wodwala azimwa pang'onopang'ono ali m'njira yopita kuchipatala chapafupi, ngakhale usiku, chifukwa kolera imatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo Thanzi wotsala atayidwe pakatha maola 24.