Njira yosaiwalira masiku obadwa a abale

Ife okhala kuno ku Harare timaiwala masiku obadwa a abale kumudzi, kenako foni yodandaula n'kubwera. Chitani izi: m'bale aliyense mupezereni munthu wotchuka wobadwa naye tsiku limodzi. Amayi anga ndi a pa 14 Meyi, tsiku la Kamuzu, lomwenso anabadwa Mark Zuckerberg mu 1984. Mng'ono wanga ndi wa pa 18 Julayi, ngati Nelson Mandela ndi Richard Branson. Dzinalo lilembeni m'foni pa nambala yawo: "Amayi Kamuzu".

Wailesi ndi Facebook zikangoyamba kutchula anthuwa, basi mwakumbuka, n'kutumiza kangachepe kudakali m'mawa. Wa pa 21 Febuluwale ndiye savuta, paja kuno ndi tchuthi cha tsiku lobadwa Mugabe.