Mphenzi ikamang'anima kuno ku Dedza ndi Ntcheu, Mkhristu achite chani? Nazi njira zake

Mvula ikangoyamba mu Novembala mpaka cha mu Epulo, nkhani za mphenzi sizisowa pa wailesi ndi m'magulupu a WhatsApp, apa yapha ng'ombe, apo yatentha nyumba, kwinaku yamenya ana akuchokera kusukulu. Ndipo ife a kumapiri kuno, kuyambira Bembeke, Lizulu mpaka Tsangano, timaiona pafupi zedi poti malo athu ndi okwera, phiri la Dedza lokha limapitirira mamita 2,000. Chomwe chimandiwawa ine nchoti ikangogwa mphenzi funso loyamba pamudzi limakhala loti waitumiza ndani, olo anthu oti Lamulungu anali kutchalitchi. Nde tiyeni tione zoyenera kuchita.

Choyamba, dziwani kuti mphenzi nchani komanso mwini wake ndani

Mphenzi ndi magetsi. M'mitambo yakuda yaitali ija mumakhala madontho a madzi ndi timatalala tomwe timakhulana mphepo ikamatikweza ndi kutitsitsa, mphamvu ya magetsi nkumachuluka mpaka kudumphira pansi. Mpweya womwe yadutsamo umatentha kuposa pamwamba pa dzuwa kasanu, nde umaphulika, kugunda timamva kuja nkumeneko. Baibulo silinapereke mphamvu imeneyi kwa munthu ayi. Werengani Yobu 37, Masalimo 135:7 ndi Yeremiya 10:13, ponsepo akunena kuti wopanga mphenzi ndi mvula ndi Yehova. Tsono ngati tikuvomereza kuti ndi ya Mulungu, zingatheke bwanji kuti agogo ena oti akulephera kupeza ndalama ya kuchigayo akhale nayo m'chithumwa?

Chachiwiri, mukamva kugunda thawani pompo

Ngati mabingu akumveka ndiye kuti mphenzi ikhoza kufika pomwe mulipo, olo mvula isanayambe kudontha. Mukaona kung'anima yambani kuwerenga mpaka mumve kugunda, masekondi 3 alionse ndi kilomita imodzi. Mukawerenga osafika 30 ndiye kuti ili mkati mwa makilomita 10, siyani khasu, kachewereyo mudzakumba mawa. Ndipo musatuluke msanga, dikirani mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza.

Ena amati Mkhristu sathawa, akangopemphera basi. Pempherani ndithu, koma mukuyenda. Miyambo 22:3 imati wochenjera amaona zoipa nkubisala, ndipo Ambuye Yesu mwiniwake atauzidwa ndi Satana kuti adziponye kuchokera pamwamba pa kachisi anakana, anati Mulungu sayesedwa.

Chachitatu, sankhani bwino pousa

Apa mpomwe ambiri timalakwitsa. Mvula ikatipeza kumunda kapena kudambo timathamangira pansi pa mtengo wa mango kapena bulugama, chonsecho mphenzi imakonda chinthu chachitali chomwe chaima pachokha. Ikamenya mtengo imadumphira kwa munthu yemwe watsamira, kenako imayenderera m'nthaka mozungulira, nchifukwa chake ng'ombe zikaunjikana pansi pa mtengo umodzi zimafa zambiri nthawi imodzi, miyendo yake ndi yotalikirana nde magetsi amalowera mwendo uwu nkutulukira uwo. Si kuti wina wachitira nsanje khola lanu. Makolo, auzeni anyamata oweta kuti mitambo ikayamba kuda abweze ziweto kusanagunde, ndipo zikavuta azisiye athawe okha, musawakalipire.

Malo abwino ndi nyumba yolimba ya njerwa, makamaka yokhala ndi mawaya a magetsi kapena mapaipi olowa pansi, komanso galimoto ya denga lachitsulo monga minibasi, mawindo otseka. Kabaza, njinga, ngolo, kumbuyo kwa lole, chisakasa cha pamsika, pakhonde, zonsezi sizikutetezani. Mukakhala m'nyumba khalani pakati, osati pakhomo kapena pawindo kumaonerera, osatsamira khoma lonyowa, osakatchera madzi pa malata nthawi imeneyo. Foni payokha siitana mphenzi, koma ikakhala pa tchaja yolumikiza ku soketi ndiye musaigwire, ndipo TV ndi wailesi zizuleni mvula isanafike. Za malaya ofiira ndi kuphimba kalilole zija, palibe chomwe zimasintha.

Zikakupezani pamtetete popanda pothawira, tsikani pachulu kapena paphiri, chokani m'madzi ndi pa mpanda wa waya, ponyani khasu ndi ambulera patali, ndipo ngati muli gulu mwazikanani kuti ikamenya isakugwetseni nonse. Osagona pansi. Mpira wa pa bwalo la sukulu uimitsidwe, kwaya yoyimbira pansi pa mtengo ilowe m'tchalitchi, mapemphero a kuphiri adikire kaye.

Chachinayi, munthu akamenyedwa mugwireni

Izi ndikupempha kuti muuzeko ena. Munthu womenyedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, mukamugwira simufa ndipo palibe tsoka lomwe lingakulowereni. Ambiri omenyedwa amapulumuka, omwe amafa nthawi zambiri nchifukwa choti mtima waima ndipo palibe anathandiza, anthu ali chiimire patali kulira.

Ngati ndi angapo yambani ndi yemwe wangoti zii, yemwe akubuula ndiye kuti akupuma. Mugonekeni chagada pouma, onani ngati chifuwa chikukwera. Ngati sakupuma ikani chikhatho pakati pa chifuwa, dzanja lina pamwamba, nkumadinikiza mwamphamvu komanso mwachangu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka, muzisinthana mukatopa, wina akhale akusaka galimoto. Osamumwetsa kanthu asanatsitsimuke, osamupaka mafuta kapena mankhwala otsukira mano pa zilonda zamoto, thirani madzi oyera ozizira basi. Olo adzuke nkumati ndili bwino, apite kuchipatala ndithu, poti mtima ndi makutu zimatha kuvulala mkati osaonekera.

Chachisanu, tsekani pakamwa pa nkhani ya wapha ndani

Mu Januwale 2016 ku Neno, boma loyandikana ndi Ntcheu, mphenzi inapha mtsikana wa zaka 17, ndipo anthu anapha okalamba anayi a banja limodzi powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Maliro amodzi anasanduka asanu. Nkhani zotere zimayamba ndi kunong'onezana pa siwa, wina nkuti agogo aja anayambana ndi malemu sabata yatha, wina nkukaombeza, kukamacha miyala ili m'manja.

Inu Mkhristu mukamva kanong'onong'o kameneko kadulireni pomwepo. Lamulo lachisanu ndi chinayi, kapena lachisanu ndi chitatu kwa abale athu a Katolika, limaletsa kuchitira mnzako umboni wonama, ndipo lamulo la dziko lino lokhudza ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Uthenga wa pa WhatsApp wotchula dzina la munthu musautumize. Mukaona kuti zinthu zikutentha dziwitsani amfumu, apolisi a m'mudzi ndi a polisi enieniwo msanga, ndipo akuluampingo, amayi a chigwirizano kapena a mphakati apite akakhale pakhomo pa gogoyo, kapena amusunge kwa abusa usiku umenewo. Gulu limachita manyazi likaona anthu omwe limawalemekeza atakhala pakhonde.

Komanso musaweruze womwalirayo kuti anachimwa. Yobu anali wolungama koma moto wochokera kumwamba unapsereza nkhosa zake ndi antchito ake omwe. Pa Luka 13 Yesu anakamba za anthu 18 omwe nsanja ya Siloamu inawagwera, nati sanali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Ofedwa akufunika ufa, nkhuni ndi wowapukuta misozi.

Chomaliza, kambiranani ku mpingo za chotchingira mphenzi

Kuli kachitsulo kosongoka komwe amakaika pamwamba pa nyumba, nkukalumikiza ndi waya wokhuthala wa kopa mpaka ku chitsulo china chokhomeredwa pansi, mphenzi ikamenya imangotsata wayayo nkulowa m'nthaka. Nzeru imeneyi anayambitsa ndi Benjamin Franklin wa ku America cha m'ma 1750. Matchalitchi athu ambiri ali pa zitunda, ena ndi nsanja ya belu, ndipo mumadzaza anthu mazana nthawi imodzi, chimodzimodzi masukulu. Pa msonkhano wa chitukuko wotsatira, pomwe mukukamba za penti ndi mabenchi, ikaniponso nkhaniyi, ndipo muitane wa zamagetsi wodziwa ntchito yake adzaike ndi kuyeza, poti waya wongolendewera osalowa bwino pansi ndi woopsa.