Musanagule chotchinga madzi cha denga lathyathyathya

Denga la malata limataya madzi lokha chifukwa ndi lotsetsereka. Padenga lathyathyathya, kaya la konkire kapena la matabwa, madzi amachedwa kuchoka, ndiye nyumba yonse imadalira chofunda chopyapyala chomwe chimayalidwa kapena kupakidwa pamwamba, chimene amisiri amati membrane. Eni nyumba ambiri amafunsa kuti, "Yolimba kwambiri ndi iti?" Funso limeneli ine ndimaliyankha pomaliza, chifukwa mitundu yonse ikuluikulu imatha zaka zambiri ikaikidwa pamalo oiyenera, ndipo yonse imadontha ndi mvula yoyamba ikaikidwa molakwika. Denga lanulo ndi limene likusankhireni: mmene likutayira madzi, chomwe analimangira, amene aziyendapo, komanso mmisiri amene mungathe kumupeza.

Kwerani kaye padengapo mvula ikagwa. Ngati patatha maola 48 madzi akadali chikhalire m'zithaphwi, vuto lanu loyamba ndi katsetserekedwe, ndipo palibe membrane yomwe ingalithetse. Denga lomwe timati lathyathyathya liyenera kupendekeka pang'ono kulozera kotulukira madzi. Muyezo wa ku Britain wa BS 6229 umati denga lomalizidwa litsike ndi sentimita imodzi pa masentimita 80 alionse, ndipo umalangiza kuti pa pulani ajambule sentimita imodzi pa masentimita 40, poti pomanga pamakhala kuphonya kwina komanso denga limapindika pang'ono ndi kulemera. Madziwo musawaderere. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, choncho denga la masikweya mita 100 likalandira mvula ya mamilimita 30 potulukira patatsekeka, lasenza malita 3,000, omwe ndi matani atatu. Konzani katsetserekedwe ndi matope a simenti ndi mchenga musanayambe kufunsa za mipukutu ya membrane.

Pa konkire, mtundu wofala ndi wa phula la m'mipukutu, lomwe amamata poliwotcha kunsi ndi moto wa gasi. Nthawi zambiri mpukutu umakhala mita imodzi m'lifupi, mamita 10 m'litali, ndipo kukhuthala kwake ndi mamilimita 3 kapena 4. Pachikuto chake mudzaona zilembo APP kapena SBS, ndipo zilembozi zili ndi ntchito. APP ndi phula losakaniza ndi pulasitiki, silifewa msanga dzuwa likamaswa mtengo. SBS ndi phula losakaniza ndi labala, limatamuka n'kubwerera, ndipo silithetheka kukazizira kwambiri. Kumalo otentha APP imachita bwino, pomwe kumalo ozizira kapena padenga lomwe limasuntha pang'ono, SBS ndiyo yoyenera. Funsaninso za nsalu yomwe ili m'kati mwa phulalo. Ya polyester imatamuka konkire ikachita mng'alu waung'ono, pomwe ya fibreglass siisintha msinkhu ndi kutentha koma imang'ambika ikakokedwa. Pa gawo la pamwamba ine ndimasankha polyester.

Phula limadana ndi dzuwa. Likakhala poyera limauma n'kuyamba kung'aluka, ndiye gulani mpukutu wokhala ndi timiyala pamwamba, kapena vomerezani kuti muzipaka utoto wa aluminiyamu mobwerezabwereza pakapita zaka zingapo. Kuyala magawo awiri, misoko ya pamwamba isayang'anizane ndi ya pansi, kumateteza kwambiri kuposa gawo limodzi. Mipukutu isanjikizane pafupifupi masentimita 10 m'mbali ndi 15 kumapeto, ndipo phula losungunuka lizioneka litatuluka pang'ono m'mphepete mwa msoko wonse. Pomwe silinatuluke, pamenepo sipanagwire. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi: musalole kuti moto wa gasi ulunjike pa matabwa. Padenga la matabwa gwiritsani ntchito mipukutu yodzimata yokha kapena yomata ndi guluu. Paliponse pomwe awotcha, munthu atsale padengapo ola limodzi kapena kuposerapo ali ndi chozimitsira moto, chifukwa moto umatha kunyeka chamumtima pansi pa chofunda anthu atatsika kale.

Gulu lachiwiri ndi la zofunda za gawo limodzi, zomwe kukhuthala kwake kumakhala pakati pa milimita imodzi ndi awiri. EPDM ndi labala, nthawi zambiri wakuda, ndipo yakhala ikugwiritsidwa ntchito padenga kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imabwera yotambalala kwambiri, moti denga laling'ono limafundidwa ndi chinsalu chimodzi popanda msoko. Imapirira dzuwa, imatamuka, ndipo siifuna moto, n'chifukwa chake imayenera padenga la matabwa. Koma mafuta amaifufumitsa n'kuiwononga, ndiye pomwe pali chumuni chotulutsa utsi wamafuta wa kukhitchini yaikulu, isiyeni.

PVC ndi TPO, zofunda za pulasitiki za gulu lomweli, amazilumikiza ndi makina a mpweya wotentha omwe amasungunula mbali ziwirizo kukhala chinthu chimodzi. Msoko wotere ukapangidwa bwino ndi wolimba zedi. Zambiri zimakhala zoyera kapena zotuwa, ndiye zimabweza dzuwa ndipo chipinda cha pansi sichitentha kwambiri. PVC imapirira mafuta, koma siigwirizana ndi phula kapena polystyrene, pulasitiki yopepuka ngati thovu yotchinga kutentha: zikakhudzana, mankhwala oifewetsa amatuluka ndipo imauma n'kuthetheka. Ngati mukuiyala pamwamba pa phula lakale, pakati pakhale nsalu yolekanitsa. Komabe funso lalikulu pa mitundu iwiriyi ndi la mmisiri. Ngati kwanuko kulibe munthu wokhala ndi makinawo amene anaphunzira kuwagwiritsa ntchito, musagule, ngakhale wogulitsa aitamande bwanji. Ganizirani tsiku lomwe idzabooke: adzaikonza ndani?

Palinso zamadzimadzi zopaka ndi burashi kapena rola, zomwe zikauma zimasanduka chofunda chopanda msoko. Zimathandiza kwambiri padenga lodzaza ndi mapaipi, miyendo ya thanki, zitsulo za mapanelo a sola ndi ngodya zambirimbiri, pomwe kudula mpukutu kungachulutse misoko. Ya acrylic ndi yosavuta kupaka komanso imapirira dzuwa, koma ikakhala m'madzi oima imafewa n'kumatuka, ndiye ndi ya denga lotaya madzi bwino basi. Ya polyurethane imatamuka kwambiri ndipo imapirira madzi kuposa acrylic, ngakhale mitundu yake ina imafuna utoto wina pamwamba woiteteza kudzuwa. Pomwe ambiri amagwa ndi pa kukhuthala. Mpukutu umachoka kufakitale uli ndi muyezo wake, pomwe chopaka muyezo wake uli m'manja mwa wopakayo. Akachisungunula kapena kuchitambasula kuti chikwanire, mwapaka utoto chabe. Werengani pachitini kuti sikweya mita imodzi imafuna malita angati, chulukitsani ndi kukula kwa denga, ndipo onetsetsani kuti zitini zonsezo zathera padengapo. M'ngodya ndi pa ming'alu aikemo nsalu yolimbitsa pakati pa magawo.

Zopaka za simenti n'zabwino m'bafa kapena pansi pa matailosi. Padenga lapoyera lomwe limafutukuka masana n'kukhwinyata usiku, zambiri zimang'aluka pamodzi ndi konkireyo.

Kaya mwasankha mtundu uti, chinyezi cha m'konkire ndi mdani wobisika. Konkire yatsopano ipatsidwe masiku osachepera 28, ndipo ngakhale atakwana, yesani. Tengani pepala la pulasitiki pafupifupi masentimita 45 mbali zonse, limateni ndi tepi kuzungulira, n'kulisiya maola 16 kapena usiku wonse. Mukapeza kunsi kwake kuli mame kapena konkire yada, dikiranibe. Chinyezi chotsekeredwa chimasanduka nthunzi dzuwa likatentha, n'kutukumula matuza omwe pamapeto pake amaphulika. Pamwambapo pakhale posesa bwino, popanda fumbi, ndere kapena tizidutswa tosongoka, ndipo apake primer, mankhwala oyamba othandiza kuti chofunda chigwire, yomwe opanga membrane yanuyo analamula. Kusakaniza zinthu za makampani osiyana kumabweretsa kumatuka, ndipo chitsimikizo cha kampani (waranti) chimathera pomwepo.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pomwe ndimafuna mwini nyumba aimirire pafupi ndi mmisiri. Monga chovala chimayamba kuthetheka pamsoko, denga silidontha kawirikawiri pakati poyera. Limadontha pomwe lakumana ndi khoma, pozungulira paipi, ndi potulukira madzi. Chofunda chikwere khoma masentimita osachepera 15 kuchokera pamwamba pa denga lomalizidwa, ndipo mutu wake ulowe m'kangalande kosema m'khoma kapena uphimbidwe ndi chitsulo, kuti madzi otsika pakhoma asalowere kumbuyo. Pangodya ya denga ndi khoma aumbepo kachitunda ka simenti kopendekeka, poti phula likapindidwa mwamphamvu pakona limasiya mphako kunsi ndipo limasweka. Potulukira madzi pakhale potsikirapo kuposa denga lonse, membrane ilowe m'kamwa mwa paipi, ndipo pakhale kasefa kotchinga masamba. Ngati denga lazunguliridwa ndi khoma, boolani potulukira pena pamwamba pang'ono, kuti poyamba pakatsekeka madzi apeze njira asanafike pamutu pa chofunda. Mukamayerekeza mitundu, funsani wogulitsa kuti akuonetseni zidutswa zake za m'makona ndi za pa mapaipi. Ngati alibe, mtundu umenewo mwaugula mwatheka.

Ganiziraninso za mapazi. Denga lomwe anthu azikhalapo, kuyanikapo zovala kapena kukwerapo kukakonza thanki limafuna chotetezera pamwamba pa membrane, monga matailosi kapena masilabu okhazikika pa nsalu yokhuthala. Zofunda za gawo limodzi zimabooka ndi msomali umodzi wogwa m'thumba la mmisiri. Ngati mukufuna kudzalapo zomera, funsani mtundu wolembedwa kuti mizu siiuboola, ndipo injiniya atsimikize kaye kuti denga lingasenze dothi lonyowa.

Mmisiri musanamupatse ntchito, pemphani kuti akuonetseni denga lomwe anafunda zaka zingapo zapitazo ndi mtundu womwewo, ndipo mukayang'ane misoko ndi makona. Chitsimikizo chikhale cholembedwa, chonena padera za katundu ndi za kagwiridwe ka ntchito, chifukwa kampani yopanga siilipira zomwe walakwitsa woyala. Ntchito ikatha, musanaike matailosi kapena kumaliza malipiro, tsekani potulukira madzi, thirani madzi okwana masentimita 5, muwasiye maola 24 mpaka 48, kwinaku mukuyang'ana kunsi kwa denga ndi m'makoma. Madzi amenewo amalemera makilogalamu 50 pa sikweya mita iliyonse, choncho padenga la matabwa kapena lakale funsani kaye injiniya. Pakaoneka kadontho, lembani malowo, tayani madzi, akonze, kenako muyesenso.