Momwe mungadziwire ngati ulendo wa ku chilumba chakutali cha panyanja ukuyenerani

Zithunzi za zilumba zopanda anthu zimakopa: madzi ali phee, mitengo yothithikana, kaboti kamodzi pagombe. Koma wojambula sakuonetsani maola amene anakhala akulimbana ndi nseru m'boti, udzudzu wa madzulo, kapena tsiku limene anadikira pagombe boti osabwera. Ine ndimati ulendo wotere ndi wabwino zedi kwa munthu amene ali ndi masiku okwanira komanso amene sapsa mtima nyanja ikamusokonezera dongosolo. Wina aliyense amangotayako ndalama. Musanalipire kalikonse, yendani m'njira iyi.

Choyamba: werengani masiku, osati ndalama zokha

Tengani pepala mulembe tsiku lonyamuka pakhomo, tsiku lofika padoko, tsiku lowoloka, ndi masiku obwerera. Otsalawo ndiwo masiku enieni a pachilumba. Ngati masiku a panjira akuposa masiku ogona pachilumbapo, ulendowo sunapse, dikirani mpata wina.

Chitsanzo chabwino ndi Isle Royale, chilumba cha m'nyanja ya Superior ku Michigan, m'dziko la America, chomwe chinakhala paki yoteteza zachilengedwe m'chaka cha 1940. Sitima ya Ranger III yochokera kutawuni ya Houghton imatenga maola 6 kuti ifike, ndipo sitima ina yochokera ku Copper Harbor imatenga maola opitirira 3. Chilumbachi n'chotalika makilomita pafupifupi 72 ndipo kulibe misewu ya galimoto. Amene wapita m'mawa n'kubwerako madzulo amakhala kuti waona doko ndi timitengo tapafupi basi. Njira yotchuka yodutsa pamsana pa chilumbachi, ya Greenstone Ridge, ndi ya makilomita oposa 60, ndipo imafuna masiku angapo a miyendo.

Pa masiku amene mwawerengawo onjezanipo limodzi kapena awiri opanda chochita. Amenewo ndi a mphepo. Musagule tikiti ya ndege ya tsiku lomwelo limene boti likuyenera kukutulutsani pachilumba, ndipo musalonjeze abwana kuti mudzakhala pantchito m'mawa mwake.

Chachiwiri: nenani mosabisa chimene mukukafuna

Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Amati akufuna bata, koma mumtima akufuna chithunzi cha nyama yoopsa choti aike pa Facebook. Nkhalango ya pachilumba si malo oonetserako nyama za m'khola.

Isle Royale imadziwika ndi mimbulu komanso moose, nyama yaikulu ya nyanga zotambalala. Akatswiri akhala akuwerenga nyama ziwirizi kuyambira 1958. Komabe alendo ambiri amabwerako ataona mapazi ndi ndowe za mmbulu zokha, mwini wake osamuona. Pachilumba cha Rubondo m'nyanja ya Victoria ku Tanzania, chomwe chinakhala paki mu 1977, pali achimpanzi, anyani akuluakulu opanda mchira, amene makolo awo anatulutsidwa m'makola a ku Ulaya n'kukasiyidwa kumeneko m'zaka za m'ma 1960. Nkhalango yake ndi yowirira, ndipo mungayende tsiku lonse n'kungomva kulira kwawo patali. Central Island m'nyanja ya Turkana ku Kenya ndi phiri lophulika lokhala ndi tinyanja m'kati mwake momwe ng'ona zimaswerana, koma mthunzi ndi wosowa ndipo dzuwa lake silichita nthabwala.

Choncho dzifunseni kuti: nditapanda kuona nyama imene ndikuifunayo, kodi ndidzabwerako wokhutira? Ngati mbalame za m'mamawa, nyenyezi zopanda magetsi ozisokoneza ndi kuyenda tsiku lathunthu osakumana ndi munthu zikukukwanirani, pitirizani kukonzekera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati yankho ndi ayi, pitani ku paki ya kumtunda komwe galimoto imakufikitsani pafupi ndi nyama.

Chachitatu: sankhani nyengo poyang'ana mphepo

Anthu amafunsa za mvula n'kuiwala mphepo, chonsecho panyanja yaikulu mphepo ndiyo mfumu. Nyanja zikuluzikulu zimautsa mafunde okwanira kugubuduza boti laling'ono. Panyanja ya Malawi mphepo ya mwera imavuta m'miyezi yozizira, ndipo Turkana imatchuka ndi mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa. Malo ena amatsekedwa kumene: Isle Royale salola alendo kuyambira pa 1 November mpaka pa 15 April.

Funsaninso za tizilombo touluka. Kumaiko ozizira udzudzu ndi tintchentche toluma timachuluka kumayambiriro kwa chilimwe, pamene kumaiko otentha udzudzu ndi nkhani ya malungo. Walira mvula walira matope: nyengo imene nkhalango yabiriwira bwino ndi yomweyo imene tizilomboti timasangalala.

Chachinayi: funsani mwini boti mafunso ovuta

Kuwoloka ndiye gawo loopsa kwambiri pa ulendo wonse, choncho musachite manyazi. Boti limanyamuka masiku ati, nanga limabwera liti kudzatenga anthu? Mphepo ikavuta, amakubwezerani ndalama kapena amakusunthirani tsiku lina? Muli majekete oyandamitsa okwanira aliyense, kuphatikizapo ana? Ali ndi wailesi yolumikizirana ndi kumtunda? Injini ikazima pakati pa nyanja amatani?

Woyendetsa boti wodziwa ntchito amayankha zonsezi mosavuta, ndipo nthawi zina amakukanizani kunyamuka. Ameneyo ndiye womukhulupirira. Amene amangoti "tifika, musadandaule" uku akulowetsa anthu ndi katundu mopyola muyeso, musiyeni apite. Jeketeyo valani musanachoke padoko, chifukwa boti likayamba kupendama simupeza nthawi yomanga zingwe. Kumadzi ozizira kwambiri ngati a Superior, ngakhale katswiri wosambira manja amamuuma m'mphindi zochepa.

Kumene kuli ndege yotera pamadzi, imafupikitsa ulendo koma imadula, imachepetsa katundu wololedwa, ndipo nkhungu ikagwa nayonso siuluka. Malo m'boti ndi malo ogona sungitsiranitu, poti pazilumba zotetezedwa chiwerengero cha alendo chimakhala ndi malire.

Chachisanu: longedzani ngati kulibe sitolo, chifukwa mwina kulibedi

Zonse zimene mudzadye, kuvala ndi kugonera zidzakhala pamsana panu. Ikani chakudya cha masiku onse ndi cha tsiku lina lapadera. Tengani tenti yosadontha, chofunda, chovala cha mvula, tochi, mapu a papepala, mankhwala anu a masiku onse ndi a mabala. Zovala zosinthira ndi foni zikhale m'thumba losalowa madzi. Mukamaliza, nyamulani chikwamacho muyende nacho ola lathunthu. Zimene mudzafune kutaya pobwerera pakhomo, zisiyeni.

Nkhani ya madzi imafuna kufatsa. Kuzunguliridwa ndi nyanja sikutanthauza kuti madziwo ndi akumwa. Ku Isle Royale alendo amauzidwa kuwiritsa kapena kusefa madzi chifukwa cha mazira a njoka zam'mimba, omwe mankhwala othira m'madzi paokha sawapha. Madzi amene achita ndere zobiriwira ngati utoto musawamwe ngakhale mutawiritsa, chifukwa poizoni wake satha ndi moto. M'nyanja zambiri za mu Africa muli likodzo, lomwe limalowera pakhungu posamba m'madzi osaya momwe muli nkhono zofalitsa matendawa. Ngati mwasambamo, kayezetseni kuchipatala pakapita milungu ingapo, ngakhale musakumva kuwawa paliponse. Ndipo musanaponye phazi m'madzi, funsani alonda a paki za ng'ona ndi mvuu.

Chachisanu ndi chimodzi: werengani malamulo a pachilumbapo

Chilumba chili ngati nyumba ya khomo limodzi: chimene chalowa chimavuta kutuluka. Mu 1980 ku Isle Royale kunali mimbulu 50, koma pofika 1982 inatsala 14, ndipo akatswiri amaloza matenda a agalu a parvovirus omwe akuti anafika ndi galu wa mlendo. Mimbuluyo inadzachepanso chifukwa chokwerana pachibale mpaka kutsala iwiri yokha mu 2016, ndipo boma linachita kubweretsa ina 19 mu 2018 ndi 2019. N'chifukwa chake ziweto siziloledwa kumeneko. Kwina amaletsa kubwera ndi nkhuni, kusonkha moto pena paliponse, kapena kuwedza popanda chilolezo. Tsukani nsapato ndi zida zanu musanakwere boti kuti musatengere njere ndi tizilombo tachilendo, ndipo zinyalala zanu zonse mubwerere nazo.

Chomaliza: yeserani pafupi, kenako uzani munthu

Ngati simunagonepo m'tenti, musayambire pachilumba. Pezani malo ogona kunja omwe mungachokeko mosavuta, zimitsani foni, mugone usiku umodzi kapena uwiri ndi katundu yemweyo. Ena amadzuka atatsitsimuka. Ena pofika pakati pa usiku amakhala akuwerenga maola kuti kuche. Gulu lachiwirili lapulumutsa ndalama zake, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chimodzimodzi amene ali ndi matenda ofuna chipatala mwachangu, mayi woyembekezera amene masiku ayandikira, kapena banja la ana aang'ono kwambiri: chithandizo chikafunika pachilumba, chimadikira boti kapena ndege, ndipo zonsezo zimadikira nyengo. Onaninso ngati inshuwalansi yanu imalipira zokutulutsani kumalo otere.

Mukatsimikiza zopita, lemberani munthu mmodzi wodalirika dzina la boti, malo amene mudzagone usiku uliwonse, tsiku lobwerera ndi nambala ya ofesi ya paki. Mugwirizane tsiku ndi ola limene ayenera kuyamba kuimba foni akapanda kumva za inu, poganizira masiku a mphepo aja. Netiweki ikhoza kutha boti lisanafike ndi pakati pomwe, choncho uthengawo tumizani mukadali padoko.